Ntchito zasintha, koma ana athu tikuwaphunzitsabe zadzana

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yathuyi ndiyankhulepo za achinyamata ndi nkhani ya ntchito, monga ndikuonera ine pa galaja yanga kuno ku Chirimba. Ndine makaniko. Sipanala ndinayamba kuigwira ndili mnyamata, pano imvi zili mbuu, ndipo ana amene aphunzira ntchito m'manja mwanga ndi ambiri ndithu.

Ndikamapita ku Limbe kukagula masipeya ndimalawirira, ndipo ndimadzera msewu wa Makata. Pofika 6 koloko mumapeza anthu atakhala kale m'mbali mwa mageti, ena atatsamira mpanda, envulopu yakhaki ili m'khwapa. Pageti pali chikwangwani choti ntchito palibe, koma iwo sachoka. Akudikira kuti kapitawo atuluke, aloze anthu asanu okatsitsa matumba m'thiraki. Otsalawo amabalalika dzuwa litakwera, mawa n'kubweranso. Ndachezapo ndi ena mwa iwo. M'maenvulopumo muli masatifiketi a Fomu 4, madipuloma, ngakhale madigiri amene.

Ife tikukula, Blantyre unali mzinda wa mafakitale. Ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead kokha kunkalowa anthu masauzande, ndipo nthawi yoweruka msewu unkadzaza ngati kwatha mpira. Munthu ankalowa ntchito ndi Sitandade 8, makina n'kuphunzirira komweko, n'kukalambira pomwepo. Fakitale imeneyi inagulitsidwa mu 2003, ndipo ntchito zamtundu umenewo zakhala zikuchepa pamene anthufe tikuchuluka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni, theka lake ana osafika zaka 18, ndipo mumzinda uno mokha munali anthu 800,000. Ana amene anali ku pulayimale nthawi ya kalemberayo ndi amene ayamba kufika pamageti paja tsopano.

Chimene chandilembetsa kalatayi n'chakuti pamene anthu akusowa ntchito chonchi, ine ndikusowa munthu woti ndimulembe. Ndifotokoze.

Miyezi ingapo yapitayo mayi wina anabweretsa Toyota Aqua, magalimoto aja oyendera petulo ndi magetsi omwe, amene anthu awakonda chiyambire mizere ya mafuta. Pa dashibodi panali patayaka kanyali, ndipo galimoto inkafooka ikafika pachitunda. Tinatsegula boneti ine ndi anyamata anga anayi. Oyilo ali bwino, mapulagi ali bwino, injini ikulira bwinobwino. Mnyamata mmodzi anatambasula dzanja kuti agwedeze chingwe chachikulu cha mtundu wa lalanje, ine n'kumugwira mkono. Batire ya galimoto wamba ndi ya mavoti 12, koma zingwe zimenezo zimanyamula mavoti oposa 100, ndipo zikhoza kumusiya munthu pomwepo. Iye sankadziwa, chifukwa panalibe anamuuzapo. Mtima unandigunda tsiku lonse.

Galimoto inagona masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinaitana mtsikana wina wa ku Ndirande amene amakaniko anzanga anandilozera. Anabwera pa kabaza, kachikwama kali kumsana. Anatulutsa kamakina kokwana m'chikhatho, n'kukalumikiza pansi pa chiwongolero, maso ali pa foni yake. Pasanathe mphindi 15 anati, “Bambo, injini ilibe mlandu. Batire yaikulu ikutentha, tione kafani kake.” Tinachotsa mpando wakumbuyo, n'kupeza kafaniko katatsekeka ndi fumbi ndi tiulusi, zitapotana ngati chisa cha mbewa. Tinapukuta, tinabwezera, mayi aja n'kunyamuka. Nditamufunsa kumene anaphunzira, anati zamagetsi anayambira kusukulu ya ntchito zamanja, koma za magalimoto amenewa anadziphunzitsa yekha usiku pa YouTube, ndi mabandulo ogula ndi ndalama za maganyu. Ndinamupempha kuti adzakhazikike pa galaja panga. Anakana mwaulemu, akuti magalaja omuitana ndi ambiri ndipo tsiku limamuchepera.

Mtsikana mmodzi akuthamangira magalaja ambirimbiri, anzake mazanamazana ali khale pageti. Apa ndi pamene pakundiwawa.

Chaka ndi chaka ndimalandira ana ochokera m'masukulu a ntchito zamanja kudzachita atachimenti. Ndi ana akhama, ndipo zam'buku amazidziwa kundiposa. Koma wina anandiuza kuti injini imene amaphunzirira kusukulu kwawo ndi ya kabuleta (kachipangizo kakale kosakaniza petulo ndi mpweya), yakale kuposa iye mwini, ndipo amaizungulira anthu makumi atatu, ena osaikhudza n'komwe mpaka teremu kutha. Magalimoto amene akulowa m'dziko muno kuchokera ku Japan kabuleta alibe. Ali ndi kompyuta, masensa ndi mawaya osawerengeka. Mwana akafika pano amayambanso pachiyambi. Aphunzitsi ake sindikuwada ayi, munthu amaphunzitsa ndi chimene wapatsidwa. Ndikudziwanso kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chida chilichonse chochokera kunja chakwera mtengo moti ngakhale ife ogula sipanala imodziimodzi tikulira.

Komabe ndalama ya maphunzirowa ilipo. TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amayenera kupereka 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro a antchito awo kuti ithandize maphunziro a luso. Mu 2015 boma linayambanso kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma. Zonsezi n'zabwino, ndipo ndimaziyamika. Pempho langa n'lakuti pokonza zoti ana aphunzire, akuluakulu azitsika kudzafunsa ife amene timaona ntchito ikulowa pakhomo tsiku ndi tsiku. Safunsa anadya phula. Mmisiri wa ku Ndirande, wowotcherera wa ku Bangwe, wokonza mafiriji wa ku Limbe, onsewa akhoza kukuuzani lero lomwe ntchito imene akubweza chifukwa chosowa woidziwa.

Ine imene ndikubweza kwambiri si ya magalimoto n'komwe. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kumazima tsiku lathunthu. Anthu anathamangira kugula masola, mainveta ndi mabatire. Zinthu zimenezi tsopano zayamba kuwonongeka, ndipo eni ake akuzungulira nazo. Mlimi wina wa ku Lunzu anandibweretsera pampu ya sola atakulunga m'thumba la feteleza, akuti poti ndine makaniko mwina ndiyesako. Tomato wake anali akufota kumunda. Ndinamubweza, ndipo mpaka lero nkhope yake ndimaikumbuka. Nanga ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene akukumba ngalande yaikulu yothirira minda kuchokera mu Shire, mapampu ndi mathirakitala akeko adzakonza ndani? Migodi imene ikukambidwa ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe idzafuna owotcherera odziwa kuwerenga mapulani, amagetsi a m'mafakitale, oyendetsa ndi okonza makina akuluakulu. Tikapanda kukonzekera panopa, amisiri adzachokera kunja, ana athu n'kumasenza matumba a simenti pakhomo pawo pomwe.

Pali nkhani inanso ya ulendo. Bambo anga anakwera ndege ya Wenela kupita kumigodi ya ku Joni, ndipo dzina la depoti yathu ya mabasi ija likuchokera kumeneko. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa ulendowo. Unayambiranso ndi Theba, bungwe lolowa m'malo mwa Wenela, n'kudzatha cha mu 1988. Koma njira ija sinamere udzu. Pa Wenela pomwepo mabasi a ku Joni akunyamukabe odzaza, ndipo mu Novembala 2023 tinaona achinyamata oposa 200 akukwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Ine sindiletsa mwana kuyenda, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Chimene chimandipweteka ndi mmene akupitira. Mnyamata amene ndinamuphunzitsa zaka zisanu ndi chimodzi, wotha kutsitsa giyabokosi n'kuibwezera popanda kutsala nati ngakhale imodzi, ali ku Johannesburg akutsuka magalimoto. Alibe pepala lililonse losonyeza kuti ndi makaniko. Sukulu analekera Fomu 2 chifukwa cha fizi, ndipo luso lake lonse analitengera pansi pa mtengo wa mango pano.

Ana otere ndiwo ambiri kuposa amene amapeza malo ku Soche Technical kapena ku yunivesite ya MUBAS. Njira yoyesa munthu amene anaphunzirira ntchito pamanja kuti alandire satifiketi ilipo, koma anyamata anga ambiri sanaimvepo, ndipo amene anaimva amaopa ndalama ya mayeso ndi Chingerezi cha pamapepala. Bwanji oyesawo osabwera m'magalaja momwe muno, kumuika mwana kutsogolo kwa injini, n'kumufunsa m'Chichewa? Bwanji masukulu amene ali ndi makina opimira magalimoto osatsegula zitseko madzulo kapena Loweruka, kuti ife amisiri akale tidzaphunzireko zamagetsi pamtengo woti tingakwanitse? Ine ndikhoza kukhala woyamba kulembetsa, imvi zangazi zili apo, chifukwa chimene ndingaphunzire ndidzachigawira ana khumi.

Kwa makolo anzanga, tisamaone ntchito yamanja ngati kothawira mwana amene walephera mayeso. Mwana woti apime galimoto ya masiku ano ayenera kudziwa masamu, kuwerenga chithunzi cha mawaya ndi kugwiritsa ntchito kompyuta. Ndipo atsikana tisawasiye kumbuyo, mwamva nokha amene anatiwombola pa Aqua ija.

Lolemba likubwerali ndikulandira ana ena atatu a atachimenti. Ndagwirizana ndi mtsikana wa ku Ndirande uja kuti azibwera Loweruka lililonse m'mawa ndi kamakina kake, aziwaonetsa iwo pamodzi ndi anyamata anga, kuyambira pa zingwe za lalanje zija. Malipiro ake ndizichotsa m'thumba mwanga mpaka pamene ndingathere.

Makaniko wa ku Chirimba,
Blantyre