Kalata kwa mnzanga: za pampu yamagetsi ya petulo ija

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu ndailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti muli bwino ndi onse pakhomo, komanso kuti galimoto yakale ija mudakali nayo. Kuno tili bwino. Mwafotokoza kuti ikagona masiku angapo imavuta kulira mpaka batire kufooka, ndiponso kuti ikatentha pamzere wa magalimoto imazima yokha n'kukana kuliranso kufikira itazizira. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi. Pampu yomwe inabwera ndi injiniyo imakankhidwa ndi kamushafuti, choncho siipopa kanthu injini isanazungulire, ndipo petulo wa m'kambale ka kabureta akauma, sitata ndiyo imavutika kuti adzadzenso. Pampuyo inamangidwa painjini yotentha, ndipo imakoka petulo kuchokera kutali. Petulo wokokedwa sachedwa kuwira, ndiye m'malo mwa madzi ake pampu imayamwa nthunzi. Maganizo anu oika pampu yamagetsi ndi abwino, ngakhale ndikupemphani kuti muyambe mwaona sefa ya petulo, kabowo kopumira thanki ndi mapayipi a labala, chifukwa payipi yong'aluka imayamwa mpweya n'kumaonetsa ngati pampu yafa.

Chimene ndikufuna muchigwire kwambiri ndi nkhani ya puresha, chifukwa apa ndi pamene ambiri timalakwira poganiza kuti pampu yamphamvu ndiyo yabwino. Kabureta siifuna kukankhiridwa petulo mwamphamvu. Mkati mwake muli kambale momwe mumayandama fuloti, ndipo petulo akafika pamlingo wake, fulotiyo imakankha kasingano komwe kamatseka khomo. Mphamvu yotsekera khomolo ndi yochepa kwambiri, ndi ya kanthu koyandama chabe, moti puresha ikapitirira, petulo amalowa mokakamiza n'kusefukira. Makabureta a Holley ndi Edelbrock amayenda bwino pa 5 mpaka 6 psi (psi ndi muyeso wa puresha), pamene a Weber ndi SU amafuna yocheperapo, pafupifupi 2.5 mpaka 3.5 psi. Tsono pampu ya magalimoto a injekishoni imakankha 3 bar kapena kuposa, komwe ndi kupitirira 43 psi. Mukaiona ili m'manja mwa wogulitsa, yooneka bwino ngati yakwanira pamalo, ikaneni ndithu.

Ine ndinaphunzira mochita kupsa mtima. Ndinagula pampu yamphamvu ya 14 psi, yomwe imayenera kuyendera limodzi ndi regyuleta, kachipangizo kochepetsa puresha, koma ndinati regyuleta ndidzagula mwezi wamawa. Nditatembenuza kiyi ndinamva ikulira bwino kumbuyo, ndipo ndinakondwera. Sipanathe mphindi, fungo la petulo linandipeza pampando. Nditatsegula boneti n'kuchotsa chivundikiro cha sefa ya mpweya, ndinapeza petulo akutumphukira pakapayipi kopumira kambale, akutsikira kukhosi kwa kabureta, wina akudontha pamwamba pa injini. Mwayi wake injini inali yozizira. Mapulagi onse ananyowa, ndipo oyilo ndinachita kumutaya chifukwa ankanunkha petulo. Pampuyo inalibe mlandu. Wolakwa ndinali ine amene ndinawerenga dzina pabokosi osawerenga manambala.

Za kuchuluka kwa petulo amene pampu iyenera kupereka musade nazo nkhawa kwambiri. Injini ya petulo ikamakoka ndi mphamvu zake zonse imamwa pafupifupi 0.3 lita pa ola pa hosipawa iliyonse, kutanthauza kuti ya mahosipawa 100 siipitirira kwenikweni malita 30 pa ola. Nambala yolembedwa pabokosi nthawi zambiri imakhala ya pampu yomwe ikungothira petulo popanda chomutsekereza, choncho sankhani yoposa zofuna za injini yanu kawiri kapena katatu, basi. Kwa injini wamba ngati yanuyo, kapampu ka solenoid, kokankha petulo ndi maginito a magetsi, monga timabokosi ta Facet tomwe timalira kuti tiki-tiki, n'kokwanira, kamadya magetsi ochepa, ndipo timapezeka pa mapuresha osiyanasiyana moti mukhoza kupeza koyenera kabureta yanu popanda regyuleta. Mapampu ozungulira mkati, monga a Carter ndi Holley, amapereka petulo wambiri mosadukiza, koma amalira mokweza ndipo amayenera injini zikuluzikulu. Kukhosi kwanga, ndimakonda pampu yomwe puresha yake ndi yoyenera kale, chifukwa chilichonse chowonjezera panjira ya petulo ndi malo enanso odonthera.

Poika, kumbukirani kuti pampu yamagetsi imadziwa kukankha koma kukoka siidziwa bwino. Malo ake ndi pafupi ndi thanki, motsika, molingana ndi pansi pa thanki kapena kutsikirapo pang'ono, kuti petulo azifika yekha pakhomo pake. Anthu ambiri amaiika mkati mwa boneti chifukwa m'posavuta kufikira, koma potero amabwezeretsa vuto lomwe amathawa lija, la kukoka petulo kutali pamalo otentha, ndipo pampu yomwe ikuyamwa nthunzi siikhalitsa poti petulo yemweyo ndiye amaiziziritsa. Imangeni pachasisi, kutali ndi ekizozi, pamalo poti miyala ya mumsewu kapena kutsika kwa sipuling'i sizingaifikire, ndipo pakati pa pampu ndi chitsulo muikepo timalabala, apo ayi galimoto yonse idzasanduka ng'oma. M'chipinda chokhala anthu musaiikemo. Yang'anani muvi wosonyeza kolowera ndi kotulukira petulo. Pakati pa thanki ndi pampu muike sefa ya mabowo aakuluko, ya ma micron 100 (muyeso wa kukula kwa mabowowo), yogwira dzimbiri la m'thanki yakale popanda kuitsamwitsa pampu. Sefa yosalala kwambiri malo ake ndi kutsogolo, pafupi ndi kabureta. Mapayipi akhale opangidwira petulo, olembedwa SAE J30R7 kapena J30R9, omangidwa ndi makilampu abwino, osati waya wopota.

Pampu yakale ichotseni, ndipo bowo lake painjini mulitseke ndi kachitsulo kafulati ndi gasiketi. Ena amaisiya n'kumadutsitsamo petulo, koma dayafuramu yake, labala wopopa wa mkati mwake, ikadzang'ambika, pampu yamagetsi idzathira petulo m'sampu, mokhala oyilo wa injini, mwakachetechete, oyilo n'kusungunuka, ndipo mudzazindikira mabering'i atayamba kugogoda.

Tsopano za mawaya, zomwe kwa ine n'zofunika mofanana ndi puresha. Musanagwire chilichonse chotsani waya wa negetivu pabatire, mugwirire ntchito pamalo opita mphepo, ndipo chozimitsira moto chikhale pafupi. Magetsi a pampu musawatenge pakoyilo, chifukwa pamagalimoto ambiri akale waya wopita kumeneko amadutsa pa resistor yomwe imachepetsa mavoti, ndiye pampu idzafooka komanso moto wa mapulagi udzasokonekera. Gwiritsani ntchito relay, kaswichi koyendera magetsi ka miyendo yolembedwa manambala, komwe kakalandira lamulo kamatsegulira pampu magetsi ochokera kubatire. Mwendo wa 30 ulandire magetsi kuchokera kubatire kudzera pafyuzi yoikidwa pafupi ndi batirelo, ya kukula komwe opanga pampu alemba. Mwendo wa 87 upite kupampu. Wa 85 upite kuchasisi. Ndipo wa 86 ndiwo ulandire lamulo loti pampu ilire. Waya wobwerera kuchasisi wa pampu mumange pachitsulo chopalidwa mpaka kuwala, pakuti utoto ndi dzimbiri n'zimene zimachititsa mapampu ambiri abwinobwino kutayidwa. Ngati galimoto yanu ndi ya mtundu wakale wa ku Britain, mutsimikize mbali ya batire yomwe yamangidwa kuchasisi, poti zina zinkamangidwa ndi pozitivu.

Funso lalikulu n'lakuti lamulo la mwendo wa 86 lichokere kuti. Pampu yakale inali ndi ubwino umodzi womwe sitiuona: injini ikaima, nayonso imaima. Yamagetsi yolumikizidwa kukiyi yokha ilibe nzeru imeneyo. Mutachita ngozi, payipi n'kuduka, inu mutakomoka kiyi ali potsegula, idzapitiriza kukhuthula thanki yonse pansi pa galimoto. N'chifukwa chake pamaikidwa swichi yoyendera puresha ya oyilo, ya miyendo itatu yolembedwa I, S ndi P. Mwendo wa I umalandira magetsi ochokera kukiyi, wa S umachokera kuwaya woliza sitata, ndipo wa P ndiwo umapita ku relay. Pamene mukuliza, magetsi amadzera ku S. Injini ikalira oyilo n'kukwera, swichi imasamukira ku I. Injini ikazima oyilo n'kutsika, pampu imaima. Mukhoza kuwonjezera swichi ina yomwe imadula magetsi galimoto ikagundidwa mwamphamvu, yofanana ndi yomwe magalimoto ambiri akale a Ford ali nayo. Koma onani kuti ndi dongosolo limeneli pampu siilira mukangotembenuza kiyi, pamene dandaulo lanu loyamba linali la kambale kouma. Yankho lake ndi kabatani kodina, komwe kamabwerera kokha mukakasiya, kopereka magetsi ku relay kwa masekondi ochepa musanalize injini.

Mukamaliza zonse, musathamangire kuliza. Dinani kabatani kaja, mumvetsere kulira kwa pampu, komwe kamasintha kambale kakadzaza, kenako muyende ndi kapepala kouma pamfundo iliyonse kuchokera kuthanki mpaka kukabureta, chifukwa kapepala kamaona dontho lomwe maso saliona. Ikani geji pafupi ndi kabureta muwerenge puresha yeniyeni injini ikulira, ndipo ngati yapitirira muike regyuleta pomwepo, musachite zanga zija. Muyesenso swichi ya oyilo: kiyi ali potsegula injini isakulira, pampu iyenera kukhala chete. Patapita masiku angapo mudzabwererenso pansi n'kumangitsa makilampu, popeza labala watsopano amafinyika pang'ono akazolowera.

M'kalata yanu simunanene mtundu wa kabureta yomwe ili pagalimotoyo. Dzina ndi nambala zimakhala zodindidwa pathupi pake kapena pakachitsulo komangidwa pa imodzi mwa masikuluwu a pamwamba. Mundilembere zimenezo musanagule kanthu, pamodzi ndi kukula kwa payipi yochokera kuthanki, kuti tisankhe pampu ya puresha yoyenera. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wakalekale.