Oimba besi nawonso azitchulidwa pa wailesi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za chizolowezi cha aulutsi ena pa wailesi, amene akaika nyimbo amangotchula mwini mawu, osalabadira amene anaipeka kapena kuimba zida. Sabata yatha ndili pamsika wa Nchalo, dzuwa likuswa mtengo, ndinamva nyimbo ya Luther Vandross ya 1981 yotchedwa Never Too Much. Muulutsi anatamanda mawu a Vandross mpaka kutopa, koma dzina la Marcus Miller, amene anaimba besi m'nyimboyo, silinamveke.

Miller anabadwira ku Brooklyn, mumzinda wa New York, mu 1959, ndipo bambo ake ankaimba limba kutchalitchi. Anatchuka ndi kaimbidwe komenya nsambo za besi ndi chala chachikulu, kotero kuti gitala imamveka ngati ng'oma. Anagwira ntchito ndi Vandross zaka zoposa 20, ndipo nyimbo imene anapekera limodzi, Power of Love, inapata mphoto ya Grammy mu 1992.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi chimbale cha Tutu cha 1986, chimene chinatchedwa dzina la Akibishopu Desmond Tutu pa nthawi ya ulamuliro watsankho ku South Africa. Pachikuto pali nkhope ya mwini chimbalecho, katswiri woimba lipenga wa ku America, Miles Davis, ndipo n'zoona kuti lipenga ndi lake, koma nyimbo zambiri anapeka ndi Miller, yemwenso anaimba yekha pafupifupi zida zonse ali ndi zaka 26 zokha. Kodi ndi omvera angati kuno kwathu amene anauzidwapo zimenezi?

Ife a m'chigwa cha Shire nkhaniyi sitiiona yachilendo. Ulimba ukamalira ku Nsanje kapena ku Ngabu, amauimba anthu awiri kapena atatu, ndipo aliyense wovina amadziwa kuti amene ali kumbali ya mawu aakulu akaphonya, gule yense amasokonekera. Munthu ameneyo m'mudzi amadziwika ndi dzina, ngakhale ana amamuloza. N'chifukwa chake zimandidabwitsa kuti nyimbo ikangolowa mu situdiyo, woimba besi amasanduka mlendo wopanda dzina.

Pempho langa kwa oyendetsa mawailesi ndi lakuti aulutsi azifufuza ndi kutchula opeka nyimbo, ozijambula komanso oimba zida, kuyambira ndi anyamata athu amene amaimba besi m'makwaya ndi m'mabandi a ku Chikwawa ndi Bangula.

Wokonda nyimbo,
Nchalo, Chikwawa