Kalata kwa makolo potseka teremu

Okondedwa makolo ndi onse olera ana athu,

Teremu tamaliza bwinobwino, malipoti tawapatsa anawo ndiye muwafunse ndithu asakubisireni mzikwama. Koma nkhani yomwe ndikufuna tigwirizane ndi ya kujambula.

Pa Expressive Arts ana a sitandade 7 aphunzira za gogo wina wa ku South Africa, a Esther Mahlangu, a mtundu wa Andebele, anabadwa 1935 kufupi ndi Middelburg. Iwowa anayamba kupenta makoma a nyumba ali ndi zaka 10, owaphunzitsa anali amayi awo ndi agogo awo pakhomo pomwepo, burashi yake nthenga za nkhuku basi, ndipo mizere yakuda yowongoka bwino ija yomwe imazungulira mitundu yowala amaikoka ndi dzanja opanda rula. Mu 1989 anawaitana ku Paris kuchionetsero, ndiye mu 1991 a BMW anawapatsa galimoto yonse kuti aipente, mzimayi woyamba kupatsidwa ntchito imeneyi yomwe anagwirapo kale azibambo ojambula otchuka ngati Andy Warhol. Zojambula zawo zinaikidwaponso kumchira kwa ndege za British Airways, ndipo 2018 University of Johannesburg inawalemekeza ndi udokotala. Zonsezi kuchokera pakhoma la nyumba ya kumudzi.

Ana atawona zithunzi, atsikana angapo anangoti "aphunzitsi izi agogo amapanganso akamazira nyumba!" Ndipo sakunama, amayi athu kuno amadziwa kokumba dothi lofiira, loyera, lachikasu, kusakaniza ndi makala nkulemba maluwa pakhonde, kungoti ife sitimaziwerengera, timati ndi ntchito ya pakhomo chabe. Chomwe chimandidandaulitsa ine nchakuti mwana wamkazi akapezeka akujambula kumapeto kwa kope ena mumamukalipira kuti akuononga mapepala, pomwe mchimwene wake akapanga galimoto ya mawaya mumamuyamikira kuti ndi injiniya. Zoona makope ndi odula, sindikukana, koma pansi ndi pakhoma sipafuna ndalama.

Ndiye pempho langa pa holide ino, mwana aliyense, wamkazi kaya wammuna, akakhale ndi agogo kapena azakhali omwe amadziwa kuzira, aphunzire kapangidwe kamodzi kokha, ajambule papepala abweretse potsegulira. Khoma la kuseri kwa laibulale tawasungira anawo kuti adzajambulepo. Amayi a mother group omwe mungabwere kudzawaonetsa kasakanizidwe ka dothi mundiuze pa gulu lathu la WhatsApp, tsiku lotsegulira tilengezanso pomwepo.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wamkulu