Kalata ya Abusa pa za Mvula, Minda ndi Chakudya cha Mabanja Athu

Okondedwa mwa Ambuye, akulu a mpingo, atumiki, amayi achigwirizano, achinyamata ndi Akhristu nonse a mpingo wathu kuno ku Harare,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse. Ndikukulemberani mwezi uno wa Okutobala, pamene ambiri a inu mwayamba kusosa timinda tanu ta m'mbali mwa misewu ya ku Highfield, Mufakose ndi Glen Norah, chifukwa ine ndi akulu a mpingo taona kuti nkhani ya mvula yafika poti tiikambe poyera ngati mpingo.

Makolo athu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu ankaidziwa mvula ndi mayina ake. Chizimalupsa chikagwa ankakonza mbewu, ndipo mvula yobzalira inkabwera mu Novembala mosakayikitsa kwenikweni. Lero mvula imachedwa, ikabwera imakhuthuka masiku ochepa mpaka kukokolola nthaka, kenaka kumachita ng'amba. Mukukumbukira Febuluwale wa 2024, pamene dzuwa linawomba nthawi imene chimanga chinali kumasula. Nthawi imeneyo ndiyo chimanga chimafuna chinyezi koposa, pakuti kukatentha kwambiri ufa wa kungayaye umafa ndipo ndevu za chimanga zimauma zisanaulandire, kotero kuti munthu akasenda chisononkho amapeza maso owerengeka okha. Mu Malichi chaka chimenecho Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a Malawi ali pa ngozi ya njala, ndipo mu Epulo Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza zomwezo za dziko lonse la Zimbabwe.

Chilala chimenecho chinabwera ndi El Niño, kumene ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumachepetsa mvula kumwera kuno kwa Africa. El Niño si wachilendo, ndipo achikulire sanaiwale 1992 ndi nsima ya chimanga chachikasu. Chasintha n'chakuti dziko lonse latentherapo chifukwa cha utsi wa malasha ndi mafuta komanso kutha kwa nkhalango, ndipo nthaka yotentha imataya chinyezi msanga, pamene mpweya wotentha umasenza madzi ambiri n'kuwagwetsa nthawi imodzi. Tinaona zimenezi pa namondwe wa Idai amene anasakaza Chimanimani ndi Chipinge mu Malichi 2019, ndiponso pa Freddy amene mu Malichi 2023 anakwirira nyumba ndi minda m'matope ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Ndamva ena akunena kuti chilala ndi chilango cha machimo a amene chawagwera. Ndikukupemphani kuti mawu otere asamveke pakati pathu, pakuti mayi wamasiye wa ku Phalombe, amene alibe galimoto ngakhale magetsi, sindiye wadzaza thambo ndi utsi.

Ife vutoli limatipeza mbali ziwiri. Ambiri mwa ife tinabadwira m'makomboni, tilibe munda wa makolo m'dziko lino, ndipo chimanga chikakanika timadalira kugula. Mwezi umene ndowa ya chimanga yakwera mtengo ku Mbare Musika ndi mwezi womwewo umene foni imalira kuchokera ku Dedza, Ntcheu kapena Mangochi, achibale akupempha ndalama ya thumba limodzi. Choncho sikokwanira kungodikira chaka chabwino. Kalimidwe kathu ndi kathandizidwe kathu ziyenera kusintha.

Inu amene muli ndi pobzala, kumbani mapando tsopano nthaka ikadali youma, monga momwe alangizi amaphunzitsira pa ulimi wa Pfumvudza, umene abale athu ku Malawi amaudziwa ngati mtayakhasu. Thirani manyowa m'phando lililonse, ndipo mapesi ndi udzu musatenthe koma muphimbire nazo nthaka. Amene anakumbapo pansi pa mapesi pakati pa ng'amba akudziwa kuti dothi la pamenepo limakhala lozizira ndi lonyowa pamene la pamtetete lauma gwa. Sankhani mbewu yocha msanga, ndipo musapereke munda wonse kwa chimanga. Khobwe, nandolo, mbatata ndi mapira zimapirira pamene chimanga chagonja. Ndikudziwa kuti ana a m'tauni amanyinyirika ndi nsima ya mapira, ndiponso kuti mbalame zimavutitsa, komabe mizere ingapo siingakusaukitseni. Muziyenderanso chimanga chikadali chaching'ono, n'kumasuzumira mumtima mwake ngati muli ntchemberezandonda.

Pali mawu amene ena sadzakondwera nawo. Malamulo a dziko lino amaletsa kulima pamtunda wosakwana mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje, koma ena a ife tabzala mpaka m'gombe la Mukuvisi ndi Marimba. Dothi ndi feteleza zochokera m'minda imeneyo zimakathera mu Lake Chivero, m'mene mzinda wathu umatunga madzi akumwa, ndipo madambo amene tikuwagalauza ndiwo amasunga madzi a zitsime zathu. Mkhristu asunthe munda wake asanauzidwe ndi a khonsolo.

Pa za kuthandiza kumudzi, m'Machitidwe a Atumwi mutu 11 timawerenga kuti Agabo atalosera za njala, ophunzira a ku Antiokeya anasonkha yense monga anakhoza n'kutumiza kwa abale a ku Yudeya. Anachitapo kanthu atangomva chenjezo. Inunso, ngati n'kotheka, tumizani thandizo mwezi uno kuti achibale agule mbewu ndi zodulira za mbatata kapena chinangwa, m'malo modikira Febuluwale pamene chimanga chimakhala pa mtengo wake wokwera.

Akulu a mpingo agwirizananso kuti gawo la zopereka za masika lisagulitsidwe, koma lisungidwe m'matumba otetezedwa ku anankafumbwe kuti lithandize okalamba, amasiye ndi odwala m'miyezi yanjala. Atumiki adzalemba mayina m'milaga yonse, ndipo Lamulungu likubwerali, mapemphero akatha, tidzakumana kuseri kwa tchalitchi kuti amene anazolowera kukumba mapando aonetse anzawo. Bwerani ndi makasu.

Ambuye akudalitseni ndi kutipatsa mvula pa nyengo yake.

Ine mtumiki wanu mwa Khristu,
Mbusa wa mpingo