Lipoti la ulendo wa ku Salima: magemu ogula pa intaneti ndi zimene zikutikhudza

A Wapampando, akuluakulu a komiti, ndi nonse a gulu lathu la eni malo osewerera magemu muno mu Lilongwe,

Ndabwerako ku msonkhano wa ku Salima kumene munandituma. Ndati ndilembe pano kuti anzathu a ku Chinsapo ndi ku Area 25, amene kawirikawiri safika pa nkhumano ya Loweruka, awerenge okha osati kumva zam'maluwa. Ndiyambe ndi za ndalama, poti ndikudziwa kuti zinayankhulidwa ndisananyamuke. Malisiti a minibasi ndi a chipinda chogona masiku awiri ali kwa a Msungichuma, chenji ndinabweza Lolemba. Nkhomaliro ankapereka okonza msonkhano, ndiye ndalama imeneyo sindinaikhudze.

M'mawa wa tsiku loyamba unathera malonje ndi zoyankhula za alendo olemekezeka, palibe choti ndikutengereni. Masana ndi pamene panabwera nkhani yeniyeni. Mphunzitsi anayambira pa Steam, sitolo ya pa intaneti imene kampani ya Valve inatsegula mu 2003. Pa magemu ambiri ogulitsidwa pamenepo Valve imatenga 30 pa 100 alionse, pomwe sitolo ina ya Epic Games Store, imene inabwera mu 2018, inayamba ndi kutenga 12. Zimenezo ndi za opanga magemu. Chimene chinandikhala pamtima n'chakuti pa masitolo amenewa munthu sagula gemu, amagula chilolezo choisewera, chomangiriridwa ku akaunti yake. Kuyambira mu Okutobala 2024 Steam imachita kulemba zimenezi pamalo olipirira, kutsatira lamulo limene boma la California linakhazikitsa.

Kumbukirani mmene tinayambira ambirife. Chimbale ukachigula ku Tsoka kapena pa Malangalanga chinali chako. Unkabwereketsa, unkasinthanitsa, zikavuta unkagulitsa n'kugula ufa. Za pa akaunti sungagulitse. Anatipatsa chitsanzo cha The Crew, gemu ya magalimoto ya Ubisoft ya mu 2014. Pa 31 Malichi 2024 kampaniyo inazimitsa maseva ake, makompyuta a pa intaneti amene gemuyo inkadalira, ndipo onse amene analipira, ngakhale okhala ndi chimbale m'manja, anatsala opanda chosewera. Anthu anakwiya mpaka kuyambitsa kampeni ya Stop Killing Games, imene mu 2025 inasonkhanitsa masiginecha oposa 1 miliyoni ku Ulaya. SimCity ya mu 2013, yomanga mzinda, nayo inkakana kuyamba popanda intaneti, maseva n'kulephera sabata yoyamba yomweyo, mpaka chaka chotsatira analola kuti iziseweredwa popanda intaneti. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ngati zimenezi zikupweteka a ku Ulaya, nanga ife amene netiweki imathawa magetsi akangozima?

Tsopano ndinene chimene ndinachiona ndi maso. Kumbuyo kwa holo anaika kompyuta yokhala ndi siteringi, mapedulo atatu ndi giya, muli Euro Truck Simulator 2. Gemuyi inapangidwa ndi SCS Software ya ku Prague mu 2012, ndipo ena mwa inu muli nayo kale, koma mumaseweretsa ana pa kiyibodi. Abale, n'zosiyana kutalitali. Ndinapempha kuti andiike ku Britain, kumene amayenda kumanzere ngati kwathu kuno, thiraki yake siteringi kumanja. Nditalowa pa raundabauti ngolo inakwera m'mphepete chifukwa ndinakhota msanga, siteringi n'kunjenjemera m'manjamu. Pofika pa depoti anati ndibwerere chambuyo ndiimike ngolo pakati pa mizere. Ndinayesa kanayi, thukuta lili kamukamu, ndikuyang'ana magalasi onse awiri. Bambo wina wachikulire amene anayendetsapo mathanki njira ya ku Beira anaima pambali panga, amvekere, "Achimwene, ngolo imapita kosiyana ndi kumene mwapotokolera, tembenuzani pang'onopang'ono." Nditamvera, inalowa. Anandigwira paphewa, ndipo kunena zoona ndinasangalala ngati mwana.

Pamenepo ndinaganiza za anyamata amene amadzaza shopu yanga ku Kawale. Pa mafoni awo amasewera Bus Simulator Indonesia, n'kumapenta mabasiwo kuti afanane ndi a pa depoti yathu. Ambiri amalota zodzayendetsa mathiraki a ku Dar es Salaam. Gemu sipereka layisensi, ndipo mwana asanamizidwe kuti wadziwa kuyendetsa, poti M1 ili ndi maenje, njinga za kabaza ndi mbuzi zimene mu kompyuta mulibe. Koma kuwerenga zikwangwani, kuyang'ana pagalasi, kusunga liwiro ndi kuleza mtima amaphunziradi. Kwa ine kholo lingalolere kulipira ola la zimenezi kusiyana ndi magemu owomberana. Ubwino winanso, Euro Truck Simulator 2 ukaiika imayenda popanda intaneti, ndipo simafuna kompyuta yodula kwambiri. Msampha wake uli pa mapu. Scandinavia, Italia, Iberia, Greece, chilichonse chimagulitsidwa pachokha, ndiye wosewera akazolowera amangofuna kuwonjezera. Gemu ina ya The Sims 4 anaipanga yaulere mu 2022 pa nzeru yomweyo: khomo n'laulere, zam'kati n'zolipira.

Anationetsanso Microsoft Flight Simulator ya mu 2020, gemu youlutsa ndege, tinauluka kuchokera pa Kamuzu International Airport n'kuona mzinda wathu uli pansi. Zokongola, koma imafuna malo okwana 150 GB, ndipo mukamauluka imapitiriza kukoka zithunzi za mapu a Bing pa intaneti. Ku Ulaya amene anaifuna pa zimbale anaipeza pa ma DVD 10. Ndani pakati pathu angaidawunilode pa bandulo ya foni? Imeneyo tiisiye kaye.

Apa ndi pamene ndikufuna tikambirane moona mtima. Vuto la data tinaliona kale chaka chatha, n'chifukwa chake tinasonkha ndalama n'kugula hard drive ya gulu, chipangizo chosungiramo mafayilo, kuti mmodzi akadawuniloda apudeti, zokonzanso za gemu, enafe tizingokopera. Inayenda mashopu atatu basi. Lero yatha miyezi isanu ili kwa munthu mmodzi, tikafunsa akuti ili kwa mlamu wake. Ine ndinapereka gawo langa lonse, koma sindinaigwirepo n'kamodzi komwe, ndipo mwezi watha apudeti imodzi inandidyera bandulo ya sabata yonse, makasitomala atakhala pabenchi kudikira. Nkhaniyi ndinaitula kwa komiti kawiri. Ku Salima anzathu a ku Mzuzu anandifunsa ngati gulu lathu limagawana zipangizo, ndinavomera ndi mutu koma mumtima mukuwawa. Sindikutchula dzina, mwiniwake akudzidziwa.

Tsiku lachiwiri m'mawa kunali za misonkho ndi kalembera wa bizinesi, zomwe tinamva kale. Kenako anabwera mayi wa zaumoyo. Anati bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika vuto losewera magemu mosadziletsa pa mndandanda wa matenda wa ICD-11, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Anatsindika kuti si aliyense wokonda gemu amene akudwala. Chizindikiro ndi pamene munthu wasiya sukulu, tulo ndi chakudya, zinthu zikuwonongeka iye osasiya. Ananenanso kuti kale chimbale chinali ndi mathero, pomwe za pa intaneti zimabwera ndi zatsopano mwezi ndi mwezi ndiponso mitengo yotsitsidwa ya masiku ochepa, dala kuti wosewera asachoke. Ndinakumbukira mnyamata wa Fomu 2 amene amayi ake anabwera kudzamukoka pashopu panga ali mu yunifolomu, ndalama ya chigayo atathera pa ine. Kuyambira tsiku limenelo wa yunifolomu salowa nthawi ya sukulu. Ena a inu munati ndikudzithamangitsira makasitomala okapindulitsa oyandikana nawo. N'zoona, amapitadi kwa oyandikana nawo, n'chifukwa chake lamuloli liyenera kukhala la gulu lonse.

Pomaliza msonkhano unagwirizana kuti mashopu asiye magemu okopera mwakuba. Anatikumbutsa kuti lamulo la Copyright Act la 2016 limatetezanso mapulogalamu a kompyuta, komanso kuti akaunti wamba ya Steam ndi ya munthu payekha, si yochitira bizinesi. Ya mashopu ilipo, Steam PC Café Program. Mfundoyo ndikuivomereza, poti magemu akubawa ndi amene amatibweretsera mavairasi, ndipo apudeti salandira. Koma ndinaimirira n'kunena kuti kulamula tsiku losiyira popanda kuyankha za malipiro n'kutinamiza. Mitengo ya pa Steam kwa ife ili m'madola. Kwacha inagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, khadi la kubanki lolipirira kunja ambirife tilibe, ndipo amene ali nalo amadziwa mmene foleksi ikuvutira. Ena anawomba m'manja, koma m'chikalata chomaliza mawu angawo sanalowe.

Zimene ndikupempha Loweruka ndi izi. Tilembetse shopu imodzi ya pakatikati, kaya ku Biwi kaya ku Mchesi, pa pulogalamu ya mashopu ija, tiyambe ndi gemu ya mathiraki yokha, tisonkhe ndalama ya siteringi imodzi tione kwa miyezi itatu. Ena akuti Starlink, intaneti ya pa setilaiti imene inafika m'dziko muno mu 2023, ingatithere vuto lodawuniloda. Mwina, koma ine sindiponyanso ndalama m'thumba la gulu tisanalembe pepala lonena kuti chipangizo chizikhala kwa yani, masiku angati, ndipo wochedwetsa alipira chiyani. A Mlembi, chonde ikani hard drive ija pa ajenda ngati mfundo yoyamba, ndipo amene ali nayo abwere nayo pamodzi ndi kebulo yake.

Ndine nthumwi yanu,
wa shopu ya ku Kawale