Mwana wanga sakuyankhula, koma kunyumba akuti ndidikire

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa ana awiri. Wachiwiriyu ndi wamwamuna, ali ndi zaka 2 ndi miyezi 4, koma mpaka pano satchula mawu omveka, ngakhale "amama" amene. Akafuna chinthu amangondigwira dzanja n'kundikokera pamene chili. Kuyendanso anachedwa, anayamba atapitirira miyezi 20. Anabadwa masiku asanakwane ndipo atangobadwa sanalire msanga, moti anayamba amuthandiza kaye kupuma.

Kusikelo, anamwino anandiuza kuti ana ambiri amayenda okha akamafika miyezi 18, ndipo pa zaka 2 amakhala atayamba kulumikiza mawu awiri, monga "ndikufuna madzi". Anati kwa mwana wobadwa masiku osakwana amachotsera masabata amene anaperewerawo, komabe ngakhale atatero wangayu akutsalira. Analangiza kuti ayambe wapimidwa makutu, chifukwa mwana amene sakumva bwino amavutika kuphunzira kuyankhula, kenako akaonedwe ndi a fizo (achipatala othandiza kulimbitsa ndi kuwongola ziwalo) komanso odziwa zothandiza ana kuyankhula. Anatinso ubongo wa mwana umakula mofulumira kwambiri m'zaka 3 zoyambirira, choncho thandizo likafika msanga limagwira bwino.

Povuta ndi kunyumba. Amuna anga akuti ana aamuna amachedwa choncho, ndisiye kudzivutitsa. Apongozi akuti mwana wawoyo nayenso anachedwa kuyankhula, nanga lero sakuyankhula? Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti akuti ndikumufunira mwana chilema pomangoyenda naye m'zipatala. Ine amene ndimagona naye, kudzuka naye, ndimufunire zoipa? Ndalama yoyendera imachokera kwa bambowo, ndiye akakana, ulendo wathera pomwepo.

Pamzere wakusikelo timacheza ndi amayi anzanga a ana otere, ndipo maganizo athu ndi osiyana. Wina akudandaula kuti anamvera zodikirazo mpaka mwana anafika zaka 4, pomwe kunapezeka kuti vuto linali makutu basi. Wina anasiya kupita kwa a fizo chifukwa anangomusonyeza kamodzi, mothamanga, mmene angamuwongolere mwana miyendo, osamuuza kuti zithandiza chiyani kapena kusintha adzakuona liti. Ambiri chimatibweza m'mbuyo ndi funso lija la achipatala lakuti "munali kuti nthawi yonseyi?", ngati kuti sitinanene. Tinanena ndithu, koma mayi akanena amati ndi nkhawa chabe. Pamenepa ine ndimaona kuti achipatala ena nawonso amalakwitsa: mayi akachititsidwa manyazi sabweranso, wovutika n'kukhala mwana.

Pakadali pano ndimayesetsa kumuyankhula tsiku lonse, kumutchulira dzina la chilichonse chimene wagwira ndi kumuimbira. Foni ndinasiya kumupatsa, ngakhale ndiyo inkamutontholetsa ndikatanganidwa. Mchemwali wake amasewera naye bwino, koma wayamba kufunsa chifukwa chake mwana sakumuyankha, ndipo ndimasowa chomuuza.

Ndithandizeni, Alangizi. Ndiwayankhule bwanji amuna anga kuti avomere kupita nane n'kukadzimvera okha kwa anamwino, popanda kuoneka ngati ndikunyoza mawu a mayi awo? Ngati atakanabe, kodi ndingalakwe kukongola ndalama kwa achibale anga n'kukamupimitsa mwana makutu iwo asakudziwa? Sindikufuna kusokoneza banja, komanso sindikufuna miyezi izingodutsa tikukangana.

Ine,
Mayi wodandaula