Zikomo chifukwa cha ndondomeko ya umoyo wa antchito

Kwa Bwana Mkulu ndi akuluakulu a ofesi yoona za antchito,

Ndalemba kalatayi pofuna kuthokoza chifukwa cha ndondomeko yosamalira umoyo wa antchito imene munakhazikitsa chaka chatha. Ena mwa inu ndinakuthokozani kale pakamwa titakumana pakhonde, koma mtima sunakhazikike mpaka ndati ndilembe.

Tsiku limene anamwino anabwera koyamba sindinkafuna kupitako. Kunali kumapeto kwa mwezi, mapepala ali mbwee pa desiki, ndipo m'thupi ndinkamva bwinobwino. Mutu unkandiwawa nthawi zina chakumadzulo, koma ndinkati ndi kompyuta. Anachita kundikoka ndi mnzanga amene timakhala moyandikana. Anamwinowo anandikhazika pampando, nandiuza kuti ndiyambe ndapuma mphindi zisanu, ndisalankhule, miyendo ndisaipiringize. Kenako anandikulunga lamba pamkono. Lamba uja atafufuma n'kuphwa, mayiwo anayang'ana makina, n'kundiyang'ana ine, osanena kanthu. Anayezanso mkono winawo. Atalemba 168/104 pakapepala, anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo, BP munayezetsa liti komaliza?" Ndinali ndisanayezetsepo chiyambire ntchito.

Anandifotokozera kuti kuyeza tsiku limodzi sikokwanira, koma manambala akafika 140/90 kapena kupitirira pa masiku awiri osiyana, ndiye kuti munthu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kuchipatala anakatsimikiza zomwezo. Lero ndimamwa piritsi limodzi m'mawa uliwonse, ndipo mchere tinauchepetsa banja lonse, poti a dokotala anati munthu wamkulu asamafike magalamu 5 patsiku, omwe ndi osadzaza n'komwe kasupuni kakang'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi theka la akuluakulu amene ali ndi vutoli sadziwa kuti ali nalo. Ine ndinali mmodzi wa iwo. Bambo anga anafa ziwalo mbali imodzi ali pamsinkhu wanga uno, ndipo ndimakumbukira mmene tinkawanyamulira powasambitsa. Ndikaganizira ana anga, ndimasowa mawu okwanira okuthokozerani.

Pali zinthu ziwiri zimene munachita bwino kwambiri, ndipo ndikuona kuti popanda izo anthu sakanapita. Munalola kuti tiyezetse m'nthawi ya ntchito, osatidula malipiro kapena kutiuza kuti tidzabweze maolawo. Chachiwiri, chomwe kwa ine ndicho chachikulu, ndi chinsinsi. Ndikuuzeni mosabisa, poyamba ambiri tinkaopa. Manong'onong'o anali oti zotsatira zikafika kwa mabwana, ndipo wopezeka ndi shuga kapena BP adzakhala woyamba kuchotsedwa ntchito ikachepa. Munaima pamsonkhano n'kunena kuti kampani idzangolandira chiwerengero cha anthu amene ayezetsa, popanda dzina la munthu. Mawu amenewo mwawasunga. Papita chaka tsopano, ndipo palibe mkulu aliyense amene anandifunsapo za matenda anga. Amene akudziwa ndi okhawo amene ndinawauza ndekha. Nchifukwa chake ulendo wachiwiri mzere unafika mpaka pamasitepe.

Ndikuthokozenso chifukwa choletsa chizolowezi chotsalira mu ofesi mpaka usiku. Ena tinadandaula poyamba chifukwa cha ndalama ya ovataimu, ineyo ndinali m'gulu lomwelo. Koma nditamva zimene bungwe la WHO ndi bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO anatulutsa mu 2021, zoti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata kumawonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti, ndinawerenga maola anga a miyezi ya m'mbuyo ndipo ndinachita mantha. Tsopano ndimafika pakhomo ana asanagone.

Kagulu kathu koyenda pansi nthawi yopuma masana kakukulirakulira. Timayenda mphindi 30 masiku asanu, n'kukwanitsa mphindi 150 zimene akatswiri amalangiza pa sabata. Mlangizi amene amabwera Lachitatu nayenso akuthandiza anthu amene akulimbana ndi nkhawa, ngakhale abambo ambiri tikadali ndi manyazi kugogoda pachitseko chake.

Ndili ndi pempho limodzi. Anamwino amabwera masana okhaokha, choncho alonda ndi anzathu ogwira ntchito usiku sapeza mwayiwu, chonsecho ndi amene amagona mosakwanira kuposa tonsefe. Sabata yatha mlonda wina wachikulire anandifunsa pageti ngati naye angaloledwe kuyezetsa, poti chizungulire chikumamupeza pafupipafupi. Ndinamulimbikitsa kuti apite kuchipatala osadikira, komanso ndinamulonjeza kuti ndifikitsa nkhaniyi kwa inu. Chonde onani ngati anamwino angamabwere m'mamawa tsiku limodzi pamwezi, anzathuwa asanaweruke.

Ine wanu wokhulupirika,
Mmodzi mwa antchito a mu ofesi yowerengera ndalama